Sukulu Imene Inatsata Khasu

Pakhomo pa Fackson Shawa, ku sikimu ya alimi kufupi ndi Kasenengwa, panali chinthu chimene makomo ena onse analibe. Chinali chitsulo cha pulawo yakutha, chopachikidwa ndi waya pamtengo wa mango. Ikakwana seveni koloko m'mawa, mkazi wake Tryness ankachimenya katatu, ndipo ana awo awiri, Elizabeth ndi mlongo wake Sankhani, ankakhala pabenchi pakhonde, masileti ali pamiyendo. Anansi podutsa ndi makasu awo ankangokodolana n'kumati ya kwa a Shawa yalowa.

Chinali chaka cha 1966, mbendera yatsopano isanasuluke. Boma linali litagawa minda ina imene azungu a fodya anasiya, ndipo Fackson, amene anagwira ukalaliki zaka khumi ndi chimodzi ku Fort Jameson, tauni imene lero tikuti Chipata, anatopa ndi kulemba makalata a anthu ena. Analembetsa dzina, napatsidwa puloti. Lamulo la sikimu linali limodzi ndipo linalibe mchira: munda ukagonekedwa, mlangizi wa zaulimi ankaupereka kwa wina, pakuti ofuna malo anali mbwee.

Vuto linali sukulu. Yapafupi inali kutsidya kwa mtsinje, ulendo wa maola atatu, ndipo inkalekezera pa Giredi 4, kalasi imene Elizabeth anali atamaliza kale kutauni. Tryness anayenda mpaka kusukulu ina ya atsikana yogonera komweko, koma mphunzitsi wamkulu, mayi wa magalasi ndi mawu ochepa, anamuuza kuti mabedi onse ali ndi eni ake. Malo amodzi okha ankayembekezeka kutseguka mu Meyi, chifukwa banja lina linkasamukira ku migodi. Atsikana ofuna malowo akanadzalemba mayeso, ndipo wopambana ndiye akanatenga bedilo.

Tryness anabwerera kunyumba atamanga mfundo. Iye anali mwana wa mphunzitsi wa ku Tamanda, wokulira pansi pa belu la mishoni, ndipo anagwirapo choko zaka zinayi asanakwatiwe. Anatenga chikatoni, nalemba ndandanda ya nthawi monga momwe inkakhalira kumishoni: pemphero, masamu, Chingerezi, kupuma mphindi khumi, kuwerenga, kulemba, mpaka hafu pasiti thwelofu. Anaikhomera pachitseko ndi misomali inayi. Wotchi imene atate ake anam'patsa pa ukwati anaiika pawindo, ndipo analengeza kuti belu likalira, pakhondepo palibe kutuluka, palibe mlendo, palibe mbuzi.

M'chilimwe zonse zinayenda ngati madzi a mumfuleni. Minda inali gwaa, ntchito inali yochepa, ndipo Fackson ankanyadira akamva mwana wake akuwerenga Chingerezi mokweza. Koma chakumapeto kwa Novembala mitambo inasonkhana kumapiri a kum'mawa, mvula inagwa masiku atatu, nthaka inafewa, ndipo sikimu yonse inathamangira kuminda kusanache.

Fackson anapempha mofatsa. Anati mvula siyembekeza belu, ndipo thonje lochedwa kubzala limabala masamba okhaokha. Anapempha kuti kwa masabata atatu okha banja lonse lizipita kumunda m'mawa kukadali kozizira, sukulu izilowa masana.

"Atate ake Eliza," anayankha Tryness, "ndandanda ikasuntha lero chifukwa cha thonje, mawa isuntha chifukwa cha mbuzi, mkuja isuntha chifukwa nkhuku yadwala chitopa. Ine ndinaziona zimenezi. Mwana wanga sachoka pabenchi."

Anaziona ndithu. Mkulu wake weniweni, amene anali wanzeru kuposa iye, anaimitsidwa sukulu ndi amalume awo kuti akathandize kupalira nyengo imodzi yokha. Nyengo imodziyo inabala inzake, ndipo mtsikanayo anakwatiwa asanaonenso mkati mwa kalasi. Bala limenelo linali lisanapole mumtima mwa Tryness, ndipo aliyense wokhudza ndandanda yake ankakhala ngati waponda pabalapo. Fackson ankaidziwa nkhaniyi. Anangonyamula khasu ndi chingwe chobzalira, napita yekha.

Kuyambira pamenepo, nyumba ya a Shawa inayamba kuyenda chammbuyo. Pamene ena ankaweruka kumunda dzuwa likamakwera, Tryness ndi ana ndi pamene ankalowamo, dzuwa lili paliwombo, nthaka ikuwotcha kumapazi. Ankagwira ntchito mpaka madzulo, kenako kutunga madzi, kutola nkhuni, kusinja. M'mawa belu likalira, Elizabeth ankafika pabenchi maso ali psuu, manja ali matuza, choko chikumupulumuka. Masamu amene ankawakhoza mu Okutobala anayamba kumuthawa. Tryness akamufunsa funso, mtsikanayo ankangoyang'ana wotchi pawindo, ngati kuti yankho lili m'mivi yake. Mayiyo anaganiza kuti ndi ulesi, choncho anawonjezera theka la ola pa ndandanda.

Mbuzi nazo zinali ndi maganizo awo. Popeza Sankhani sankaloledwa kuzitulutsa m'mawa, zinkamangidwa pazikhomo, ndipo tsiku lina zinadula chingwe n'kukalowa m'munda wa mtedza wa Magalita, amake Yosefina, mnansi wawo wa kumadzulo. Magalita anafika pakhomo mbuzi zili patsogolo, mkwiyo uli pakhosi. Tryness anatulutsa mutu n'kumuuza kuti adikire pang'ono pansi pa mango, chifukwa nthawi yopuma inali isanakwane. Mayi uja anaima kanthawi, manja m'chiuno.

"Amake Eliza, kodi kwanu kuno ngakhale moto umadikira belu?" anafunsa motero, n'kutembenuka. Kuyambira tsikulo moni wa pakati pawo unakhala wouma ngati chikonyo.

Pofika Khirisimasi, thonje la a Shawa linali litamera mochedwa, ndipo udzu unalipitirira msinkhu. Mlangizi anabwera pa njinga yake, nayenda m'mizere, chisoso chikumukakamira m'masokosi. Pochoka anauza Fackson kuti adzabweranso pakatha masabata atatu, ndipo akadzapeza munda uli chimodzimodzi, adzalemba lipoti. Fackson anafotokozera mkazi wake kuti puloti ikapita, khonde lomwelo la sukulu lipitanso, chifukwa nyumba inali pamalo a sikimu. Tryness anamva, komabe anati iye ndi ana aziwonjezera mphamvu masana. Ndandanda inakhalabe pachitseko ndi misomali yake inayi.

Fackson anayamba kulawirira kuposa kale. Thupi linkamuwotcha kwa masiku angapo, koma sanauze munthu. Lachinayi lina m'mawa anachoka osadya kanthu, ndipo anaiwala chigubu chake cha madzi pakhomo. Elizabeth anachiona ali pakati pa masamu, napempha kuti athamange akawapatse atate ake. Tryness anayang'ana wotchi. Inali isanakwane naini. Anati madzi sathawa, akapereka akaweruka.

Anaweruka wani koloko, monga mwa ndandanda yowonjezeredwa ija. Elizabeth ndiye anatsogola ndi chigubu, ndipo ndi iye amene anawapeza atate ake atagona chafufumimba pakati pa mizere, khasu lili poteropo, milomo itauma, akunjenjemera ngakhale dzuwa linali nye. Kukuwa kwa mwanayo kunamveka mpaka kwa Magalita. Mayi yemwe uja wa moni wouma anafika akuthamanga ndi mwamuna wake Gabrieli, anamuthira madzi wodwalayo, namukweza pangolo yawo ya ng'ombe. Panjira yonse yopita kuchipatala Tryness anagwirizira mutu wa mwamuna wake pamiyendo. Palibe amene anamunena. Elizabeth anakhala kumapeto kwa ngolo atakumbatira chigubu chija, osayang'ana amayi ake.

Anali malungo aakulu. Adokotala anati akanachedwa maola ena awiri, nkhani ikanakhala ina. Fackson anagonekedwa masiku asanu ndi limodzi, ndipo atatuluka anauzidwa kuti asagwire khasu mwezi wathunthu.

Tryness sanali munthu wokhala pansi n'kumalira. Mwamuna wake atangofika kunyumba, iye anavala zilimbe. Kusanache anadzutsa ana, anamanga nsalu m'chiuno, ndipo atatuwo analowa m'munda mame akadali pa udzu. Masiku amene mlangizi anapereka anali atatsala khumi ndi awiri. Anaona yekha kuti m'maola atatu a m'mawa ankapalira mizere imene kale inkawatengera masana onse. Koma khasu lililonse limene ankaponya linkamukumbutsa kuti Meyi akuyandikira, ndipo nkhope ya mkulu wake inkamubwerera. Pa tsiku lachitatu analephera kupirira. Osaimitsa khasu, anafunsa mwana wake kuti seveni kuchulukitsa ndi eyiti n'chiyani. Yankho linabwera khasu la Elizabeth lisanafike pansi. Anafunsa lina, kenako lina lovutirapo, ndipo mayankho ankangotuluka motsatana ndi kugunda kwa makasu. Sankhani nayenso analowerera, akulakwitsa n'kumaseka.

Atakhala pansi pa mtengo wa msuku kuti amwe thobwa, Tryness anadandaula mokweza kuti sakudziwa ngati amaliza mundawo nthawi isanathe. Elizabeth anatola kamtengo n'kuyamba kulemba padothi. Anati mizere yotsala ndi yakutiyakuti, pakuti anaiwerenga pobwera, ndipo atatuwo ankapalira mizere makumi awiri ndi inayi patsiku. Anagawa, natsala ndi zotsalira, ndipo ananena kuti masiku asanu ndi anayi sakwanira. Akafuna kupulumutsa munda, asiye chigawo cha kumunsi kumene udzu unapambana kale, alimbane ndi chakumtunda. Tryness anayang'ana masamu aja padothi. Anali ogawa aatali, omwe aja amene mwanayo ankalephera pa sileti masabata atatu apitawo. Atamufunsa kumene anaphunzira kuwerengera munda chotero, Elizabeth anati atate ake ankamuwerengetsa mapazi ndi mfundo za chingwe pobzala.

"Nanga pakhonde paja unkalephera bwanji?"

"Ndinkaopa wotchi, amayi," anatero mwanayo. "Ndikayamba kuganiza, ndinkangomva ikuti the, the, the."

Atabwerera kunyumba masana, Tryness anapeza kuti wotchiyo inali itaima. Panali patapita masiku osaipukusa, ndipo palibe amene anazindikira. Anaipukusa ndithu, pakuti inali mphatso ya atate ake, koma anaichotsa pawindo n'kukaiika kuchipinda. Kenako anazula misomali inayi ija, natembenuza chikatoni, naitana banja lonse pamphasa pamene Fackson anagona. Ananena mosazungulira kuti iye analakwa, ndipo kulakwa kwakeko kunatsala pang'ono kumusandutsa mkazi wamasiye. Koma anawonjezera kuti sukulu siitsekedwa ngakhale tsiku limodzi. Chimene ankafuna n'chakuti aliyense anene nthawi imene ntchito yake imamufuna, kuti maphunziro alowe m'mipata imene yatsala.

Anakambirana mpaka mthunzi wa nyumba unafika pankhokwe. Fackson, mawu akadali ofooka, anati iye sangagwire khasu koma cholembera angathe, ndipo kalaliki wa zaka khumi ndi chimodzi sangalephere kuphunzitsa mwana kulemba kalata. Sankhani anati mbuzi zimafuna kudya mame akangouma, ndipo akhoza kumapita nazo ndi buku lake. Elizabeth anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti masamu atsopano aziphunzira m'mawa mutu ukadali wopepuka, ngakhale kukhale kumunda.

Ndandanda yatsopano inalibe manambala a maola. Inkangonena chimene chimatsata chinzake. Pakumwa phala, mmodzi ankawerenga ndime ya m'Baibulo mokweza, tsiku lina m'Chinyanja, tsiku lina m'Chingerezi. Kumunda sileti inkapita m'dengu pamodzi ndi thobwa, ndipo popuma pansi pa msuku Tryness ankaphunzitsa chinthu chimodzi chatsopano, chimodzi chokha, chimene ankachibwereza pakamwa popalira. Dzuwa likakula onse ankabwerera, n'kudya, n'kugona pang'ono. Mthunzi ukatembenuka, Fackson ankakhala ndi Elizabeth pakhonde, kumulembetsa makalata opita kwa anthu ongopeka: kwa woyang'anira positi, kwa sing'anga wa ziweto, kwa azakhali a ku Lusaka amene kunalibe. Tsiku la mvula yosakata linkasanduka tsiku la sukulu yaitali, ndipo ana anayamba kuyang'ana mitambo ndi mitima iwiri.

Sikuti zonse zinangoyenda. Sabata yoyamba buku lowerenga linanyowa ndi mvula m'dengu, ndipo Tryness analiyanika tsamba ndi tsamba pamwamba pa nkhokwe, kenako analisokera kathumba ka chikopa cha mbuzi. Sankhani ataona kuti belu lasiya kulira, anaganiza kuti ufulu wafikanso kachiwiri. Masiku atatu anabwerako kubusa buku lisanatsegulidwe, matumba atadzaza ndi nthudza. Apa Tryness anaonetsa kuti kufewa si kuwola. Anakhazikitsa zinthu zitatu zimene sizinkagona: kuwerenga tsamba, masamu khumi, ndi kulemba mizere isanu. Zinkatha kuchitikira kulikonse ndi nthawi iliyonse, koma dzuwa lisanalowe zinayenera kuonetsedwa kwa iye. Tsiku limene kunagwa maliro kumudzi woyandikana nawo, ana anachita zitatuzo m'mamawa, banja n'kupita kukakhuza. Tsiku limene Elizabeth anadwala mutu, anawerenga tsamba lokha, ndipo zotsalazo anabweza Loweruka.

Kwa Magalita anapitako yekha, atasenza dengu la mbewu ya mtedza. Anagwada pakhomo n'kupepesa za mbuzi ndi za kudikiritsa kuja. Magalita anaseka, nati nkhaniyo inapita ndi madzi a mvula. Pobweza ulemu anayamba kuitana Elizabeth pa tsiku lochapa kumtsinje, ndipo ngakhale sankadziwa kulemba dzina lake, ankadziwa mitsinje yonse ya chigawocho, kumene ichokera ndi kumene ikathira, mpaka ku Luangwa. Madzulo ake Tryness ankatenga zimene mwanayo wamva n'kumujambulitsa mapu. Gabrieli naye anabwera ndi ng'ombe zake masiku awiri kudzathandiza kubandira.

Mlangizi atabweranso anapeza chigawo chakumtunda chili mbee, thonje litapatuliridwa bwino. Chakumunsi chinali thengo. Anapukusa mutu, nati gawo limodzi mwa magawo atatu latayika ndipo chaka chimenecho banjalo lidzamanga lamba, koma lipoti sanalembe. Anasiya timabuku ta ulimi wa thonje, ndipo timeneto tinalowanso m'dengu la sukulu.

Mu Meyi, thonje litayamba kuyera, Tryness anaperekeza mwana wake ku mayeso. Atsikana anali asanu ndi anayi, ena atavala yunifolomu za masukulu a m'tauni, nsapato zili phuliphuli. Elizabeth anali ndi zikhatho zokhakhala ndi diresi losokedwa pamanja. M'chipinda cholembera munali wotchi yaikulu pakhoma, ndipo Tryness anaiona kudzera pawindo. Anakhala pansi pa mtengo maola atatu, osalawa ngakhale mbatata imene anatenga.

Masana mphunzitsi wamkulu uja anawaitana awiriwo mu ofesi. Mapepala anali patebulo. Anati zilembo za mtsikanayu n'zosaoneka bwino, zikuchita ngati zalembedwa pabondo, ndipo adzafunika kuzikonza. Pa Chingerezi cholankhula panali awiri omuposa. Koma masamu anakhoza onse kupatula amodzi, ndipo kalata imene analemba inali yoti munthu akhoza kuiponya ku positi lero lomwe. Bedi linali lake. Kenako anatsitsa magalasi, nafunsa Tryness kuti mwanayu miyezi yonseyi amaphunzira sukulu iti, chifukwa pafomu panalibe dzina.

Tryness anatsegula pakamwa kuti anene kuti pakhonde, koma anaona kuti likhala bodza. Anayang'ana mwana wake.

"Masamu ndinaphunzira kumunda, kwa amayi," anatero Elizabeth. "Makalata kwa atate, pamene ankadwala. Mitsinje kwa amake Yosefina, anansi athu, pochapa."

Mphunzitsi wamkulu anatenga cholembera, nalemba mawu amodzi okha pamzere wa dzina la sukulu: kwawo.

Tryness anabwerera yekha Lolemba lotsatira, atasiya mwana wake ndi kabokosi ka malata ndi bulangete limodzi. Misozi anaipukutira panjira, chifukwa kunyumba kunkamudikira thonje lofuna kutola ndi Sankhani amene anali asanagwire bwino matebulo a masamu. M'mawa mwake anali kale m'mizere, thumba lili m'chiuno, akufunsa mnyamatayo kuti sikisi kuchulukitsa ndi naini n'chiyani. Chaka chotsatira ana anayi a pasikimupo, kuphatikizapo Yosefina wa Magalita, ankakhala nawo pansi pa msuku nthawi yopuma, ndipo makolo awo sankadandaula, popeza palibe khasu limene linkagona chifukwa cha sukuluyo.

Anthu a msinkhu wathu amene anakulira kumeneko amaikumbukirabe nkhaniyi. Mayi uja sanalakwe pofunira mwana wake maphunziro, ndipo khama lake silinachepe ngakhale tsiku limodzi. Chimene chinatsala pang'ono kumudyera mwamuna, munda ndi mwana yemwe, chinali kukhulupirira kuti nzeru ili ndi khomo limodzi ndi ola limodzi lolowera. Atalola kuti mwana amwe pano ndi apo, kwa uyu ndi kwa uyo, monga momwe tsiku la banja linkayendera, ndi pamene mwanayo anakula. Akuluakulu sananame pamene anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.